Che Kasimu ndi Tonde Wokana Mbuzi

Ndikakumbukira Che Kasimu, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la khola la nkhosa m'mamawa, dzuwa likangoyamba kuumitsa mame, fungo lolemera la ubweya wonyowa ndi manyowa, losakanikirana ndi utsi wa mitengo ya thonje imene ankaitentha kuseri kwa nyumba yawo nyengo yotola ikatha. Kenako ndimamva kugunda kwa mitengo yotsekera khola akuisolola umodziumodzi, ndi mawu awo otsika akuyankhula ndi ziwetozo m'Chiyao pamene zinkatuluka mopanikizana, michira yake yonona ikugwedezeka, kulunjika kudambo.

Anali oyandikana nafe kwathu ku Chikweo. Ife tinali Akatolika, iwo Asilamu, ndipo mabwalo athu ankalekanitsidwa ndi kampanda ka nkhadze kokhala ndi mpata woti munthu wosenza ndowa n'kudutsa. Anali bambo aafupi, owonda, ovala kofia yoyera imene inali itatuwa ndi fumbi la zaka, ndipo pa anthu sankachulutsa mawu. Ana awo anali atakula n'kubalalika, pakhomo anangotsala awiri ndi akazi awo, Abiti Ali. Iwo ankaweta nkhosa zokhazokha, koma mbuzi ya munthu aliyense ikatupa mimba kapena kuthyoka mwendo, woitanidwa anali iwowo. Ine sankanditchula dzina langa loti Agnesi. Ankangoti "mwanache", kutanthauza mwana, ngakhale pamene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, chaka chimene zinthu izi zinayamba.

Kwathu tinali ndi mbuzi imodzi yokha, yaikazi, yofiirira. Mvula yoyamba itagwa, bambo anga anaimangirira pakaliyala ya njinga n'kupita nayo kutali, kwa mlimi wina amene anali ndi tonde wachizungu, uja woyera thupi, wofiira mutu, wamakutu ogwa. Anabwerako ali matope okhaokha koma akumwetulira, n'kuwauza amayi kuti mbuziyo ikadzaswa yaimuna, mudzi wonse uzidzabwera ndi mbuzi zake pakhomo pathu. Patangotha milungu iwiri ananyamuka ulendo wa ku Balaka kukafuna ntchito, n'kunena kuti afika nthawi yopalira. Tinapalira tokha, tinakololanso tokha. Anthu obwera kuchokera ku Balaka anayamba kutsitsa mawu akawaona amayi, ndipo ine ndinamvera pamjigo kuti bambo akukhala ndi mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi siteshoni. Amayi sankaikamba nkhaniyo. Ankangoisamala mbuzi ija mopitirira muyeso, kuisungira madeya ndi kuithyolera masamba a nandolo tsiku ndi tsiku.

Inayamba kuvutika tsiku lina m'mwezi wa Meyi, ife tili m'munda kutola thonje. Mwana anali wamkulu kuposa njira yake. Che Kasimu anabwera atapinda manja a malaya, anagwada m'fumbi, ndipo dzuwa linapendeka iwo akulimbana nayo. Potsiriza anatulutsa kamwana kakamuna, koyera, kofiira mutu, katalitali miyendo. Make anayesa kudzutsa mutu kuti akanyambite koma analephera, magazi osaleka. Che Kasimu anafunsa ngati angaizinge isanafe kuti nyama isatayike. Amayi anakana, n'kukhala pansi pambali pake mpaka inauma. Kenako anafunda chitenje kumutu. Sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale pamaliro a munthu.

Kamwanako kanatsala kakuyamwa chala changa. Tinayesa kukapatsa phala lamadzimadzi pasupuni, kanatsamwa. Malume anga a Fabiano anali ndi mbuzi ziwiri zoyamwitsa, koma iliyonse inkangokanunkhiza n'kukagunda ndi nyanga mpaka kugubuduzika. Mmawa mwake kanali kataleka kulira, kakungogona chammbali, m'kamwa mwake mozizira.

Ndi mmawa umenewo pamene Che Kasimu anandiitana pamwamba pa mpanda kuti ndithamange nako. Nkhosa yawo ina, yakuda mutu, inali itangoswa mwana wakufa. Ndinaipeza itaimirira pamwamba pake, ikumugwedeza ndi phazi, ikulira kukhosi motsika ngati munthu wong'ung'udza. Iwo anamunyamula mwana wakufayo kupita naye kuseri kwa nkhokwe, anatchula dzina la Mulungu kuti Bisimila, n'kusolola kampeni m'thumba. Anamusenda chikopa chonse ngati akumuvula malaya, kusiya mabowo a miyendo ndi khosi. Ine ndinkafuna kuthawa koma ndinangoima n'kumaonerera. Analanda kambuzi m'manja mwanga, n'kukaveka chikopa chonyowacho, anamanga ndi luzi kumimba, kenako anakapaka kumutu ndi kumchira madzi amene nkhosa ija inataya poswa.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma anawauza Abiti Ali kuti agwire nkhosayo mutu. Anasamba dzanja ndi sopo, analipaka mafuta ophikira, n'kulilowetsa momwe munatulukira mwana muja. Analisiya momwemo kanthawi, nkhosa ikukankha ndi kubuula, kenako analitulutsa pang'onopang'ono atakunga chibakera, n'kuika kambuzi kaja pansi kumbuyo kwake. Ine ndinasanzira m'nkhadze.

Nditatembenuka, nkhosa inali itaweramira kambuziko. Inakanunkhiza nthawi yaitali, kuyambira kumchira mpaka kumakutu. Inaponda pansi kamodzi. Kenako inayamba kung'ung'udza kuja, n'kutulutsa lilime kuyamba kukanyambita. Pasanapite nthawi kambuzi kanapeza bere, kamchira kake n'kuyamba kuvina pansi pa chikopa cha mwini.

"Ikuyesa yaswanso," anatero Che Kasimu akusamba m'manja. "Nthawi yake ndi yochepa, mwanache. Mutu wa ngondolo umatseguka ikangoswa, n'kutsekekanso dzuwa lisanafike pamutu. Fungo limene lalowamo nthawi imeneyo ndiye mwana wake."

Ngondolo ndi nkhosa m'Chiyao. Tsiku limenelo sindinadye. Ndinkangoona chikopa chija, ndipo mumtima ndinkati bambo ameneyu si munthu wamba. Madzulo ake ndinafotokozera anzanga zonse zimene ndinaona, ndikuwonjezera pena ndi pena kuti amve mantha monga ndinamvera ine.

Patatha masiku atatu chikopa chinayamba kununkha, anachichotsa, nkhosa sinasinthe maganizo. Kambuziko ndinakatcha Masiye. Popeza khola lathu linali lopanda kanthu, anangotsala kwa Che Kasimu, kugona ndi kudzuka ndi nkhosa. Anakula msanga. Chimene chinkatiseketsa n'choti khalidwe lake linali la nkhosa. Mbuzi zinzake zikamaimirira ndi miyendo yakumbuyo kubudula masamba m'zitsamba, iye ankayenda mutu pansi kudya udzu pakati pa gulu, ndipo galu akauwa ankathamangira pakati pa nkhosazo. Masana ankagona atatsamira make womulera uja. Amayi ankamupititsira madeya madzulo aliwonse, n'kuima kumuyang'ana mmene chifuwa chake chinkakulira. Ndikuganiza kuti mumtima mwawo ankati tsiku limene mbuzi za anthu zidzayambe kubwera pakhomo, mbiri idzafika ku Balaka, ndipo mwini nzeru imeneyi adzabwera kudzaona.

Chaka chitazungulira, Masiye anali tonde weniweni, wandevu, wonenepa khosi, fungo lake lomveka uli kumsewu. Malume anakonza tsiku. Linali Loweruka mmawa, chimanga titangokolola. Anabwera ndi mbuzi zawo ziwiri zimene zinkafuna tonde, anthu ena anabweranso ndi zawo, ndipo ambiri anangobwera kudzaonera mtundu wachilendowo. Anamumangirira Masiye pamtengo wa mango pabwalo pathu n'kumuyandikizira mbuzi yoyamba. Inkagwedeza mchira, ikulira, ikudzikhula pa iye. Masiye anainunkhiza kamodzi n'kutembenuka. Anamubweretsera yachiwiri, anaigunda ndi mutu m'nthiti. Anthu anaseka, akuti akuchita manyazi ndi khamu.

Nthawi yomweyo Che Kasimu anatsegula khola lawo, nkhosa n'kuyamba kudutsa m'njira ya kudambo. Masiye anadzutsa mutu. Anakoka chingwe kamodzi, kawiri, chinaduka. Analumpha mpanda wa nkhadze ngati palibepo kanthu, anathamangira kankhosa kena kamsoti, anakanunkhiza atapinda mlomo wam'mwamba, n'kukakwera anthu onse akuona.

Kuseka kunatha. Mayi wina anatseka mwana wake m'maso ndi chikhatho. Gogo wina wamwamuna anavula chipewa n'kunena motsika kuti awa ndi malodza, chiweto chotere sichiyenera kugona m'mudzi. Eni mbuzi anayamba kumasula zingwe zawo mwakachetechete, aliyense n'kulowera kwawo osatsanzika. Amayi anaima pakhonde, manja ali pamutu.

Malume anayesanso masiku ena atatu. Anamutsekera m'khola ndi mbuzi yaikazi tsiku lathunthu, koma ankangoima pakona kuyang'ana kwa Che Kasimu. Tsiku lachinayi malume anaima pampata wa mpanda n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve. Anati Che Kasimu anachita dala, anamutembenuza mtima tonde ndi mankhwala chifukwa cha nsanje, poona kuti mlongo wawo wosiyidwa ndi mwamuna watsala pang'ono kutukuka. Anatchula za chikopa, anatchula za dzanja lija, zinthu zimene palibe wina wa kunja kwa banja lawo anaziona koma ine. Apo m'pamene ndinazindikira kumene nkhani yanga ija inafika. Che Kasimu anamvetsera mpaka kumapeto, tsache lili m'manja.

Zotsatira zake sindinaziyembekezere. Ena anayamba kuwaopa, mbuzi zikadwala osawaitananso. Koma ena anayamba kuwafuna. Pakhomo pawo pankafika anthu onamizira kupempha manyowa, n'kukhala pakhonde mpaka ena onse atachoka: mkazi wa mphunzitsi wina, bambo wina wa kabaza, ngakhale mayi wina wachikulire amene amuna ake anali atangotenga mkazi wachiwiri. Onse ankafuna mankhwala otembenuza mtima. Lachisanu lina akuluakulu a kumzikiti anawatsalitsa Che Kasimu mapemphero atatha kuti afotokoze zimene zikumveka. Anabwerako akuyenda ngati odwala. Abiti Ali anasiya kupita kumjigo nthawi imene kumakhala anthu ambiri.

Ine ndinkadzimva wolakwa, choncho ndinkapita kukapala manyowa m'khola mwawo masana nkhosa zikapita kudambo. Tsiku lina ndili m'kati, nditagwada kuseri kwa mitengo ya khola, ndinamva mapazi ndi mawu amene ndinkawadziwa bwino. Anali amayi. Che Kasimu anali pansi pa mtengo wa bwemba, pafupi ndi khola, akupota chingwe. Amayi anakhala pansi chapatali pang'ono monga mwa ulemu, n'kupereka moni.

"Che Kasimu, sindinabwere kudzakangana," anatero. "Zimene ananena achimwene zisiyeni. Ndikungopempha chinthu chimodzi. Chimene munamupatsa tonde uja, kuti aiwale mtundu wake n'kutsata kumene munafuna inu, ndigawireniko pang'ono. Ndili ndi malaya amene amuna anga anasiya, sindinawachape."

Khasu linandipulumuka m'manja, mwamwayi linagwera pamanyowa ofewa. Awa anali amayi anga, omwe ankatsogolera pemphero la kolona kumphakati, omwe anandikwapulapo chifukwa chotola kachithumwa m'njira. Mawu awo anali aang'ono ngati a mwana wopempha mchere.

Che Kasimu anaika chingwe pansi. "Amake Agnesi, pamaso pa Mulungu, mankhwala ndilibe. Tonde uja sindinamupatse kanthu koma mayi. Nkhope imene ankaiona akuyamwa, fungo limene ankalimva akukhuta, ndi zimene zinakhazikika m'mutu mwake kuti wamkazi amakhala wotere. Palibe muzu wa mtengo umene unachita zimenezo."

Amayi sanagonje msanga. Anati ngati n'za m'mutu, ndiye kuti mayi wa ku Balaka uja anapeza njira yolowera m'mutu mwa bambo, ndipo njira yolowera ndi yomweyo yotulukira.

"Iyayi," anatero Che Kasimu. "Tonde sadziwa chimene akuchita. Amuna anu akudziwa. Njira yobwerera kuno sanaiiwale. Kukacha amaiona, n'kuisiya."

Ndinamva amayi akupuma mokoka. Ndinkayesa anyamuka, koma Che Kasimu anali asanamalize. Anati pali cholakwa chawo chimene ayenera kuulula. Ali mnyamata, m'khola la bambo awo munaleredwapo kambuzi kakamuna ndi nkhosa, ndipo katakula kanachita zomwezi mpaka imfa yake. Choncho tsiku lija akuveka chikopa ankadziwa chimene chingadzachitike. Akanayenera kuwauza. Akanayeneranso kumuchotsa Masiye pakati pa nkhosa atangoyamba kudya udzu, n'kumupititsa kwa mbuzi za malume. Poyamba anakhala chete poopa kuti amayi akana, kamwana n'kufera m'manja mwanga ine. Kenako anakhala chete podzinyenga kuti mwina uyu adzakhala wosiyana. Pambuyo pake, anatero, anali atangomuzolowera, kumuona akutuluka m'khola mmawa kunkawasangalatsa.

"Munkadziwa," anatero amayi. "Chaka chonse ine ndikusenza madeya, inu mukudziwa."

Anaimirira n'kukutumula chitenje. Podutsa pafupi ndi khola anayang'ana m'mipata ya mitengo, maso awo n'kukumana ndi anga. Sanaime. Madzulo anandigawira chakudya monga mwa masiku onse, ndipo za tsiku limenelo sitinakambirane.

Mmawa mwake Che Kasimu anatulutsa nkhosa zawo zonse, osati kupita nazo kudambo, koma kwa mng'ono wawo ku Ngokwe, wapansi, tsiku lonse. Anati Masiye akapanda kuona kapena kumva fungo la nkhosa, mwina mutu wake ubwerera. Anamutsekera m'khola la malume pamodzi ndi mbuzi. Masiku oyamba analira mpaka mawu anasasa, kulira kwake kosakhala kwa mbuzi kapena kwa nkhosa. Kenako anasiya kudya. Nthiti zinayamba kuwerengeka, khosi lija linaphwa. Kumbali inayi khola la Che Kasimu linali zii, ndipo mmawa ndinkawaona ataima pakhomo pake, manja kumbuyo, opanda chiweto choti achitsegulire.

Mlungu wachitatu Masiye anathyola mitengo iwiri ya khola n'kusowa. Tinamufuna masiku awiri, ine ndi Che Kasimu, kufunsa m'midzi ndi m'minda ya chinangwa. Tinakamupeza tsidya la dambo, pamudzi wina pamene panali munthu woweta nkhosa zinayi. Mwini wake anati tonde wamisala wakhala akuvutitsa nkhosa zake kuyambira dzulo, akamuthamangitsa amabweranso, mpaka anamumenya ndi mpini. Masiye anali gone m'ngalande, mwendo wakumbuyo utathyoka, diso limodzi litatsekeka ndi magazi ouma, ntchentche zili ng'waa. Ndipo ngakhale anali chotero, ankadzikoka ndi miyendo yakutsogolo kulunjika kukhola la nkhosa zija. Mzere wa mimba yake unkaoneka m'fumbi.

Che Kasimu sanakangane ndi munthuyo. Anamunyamula Masiye n'kumugoneka panjinga, iwo akukankha, ine nditagwira mutu kuti usalendewere. Tinafika dzuwa likupendeka. Amayi anatuluka m'nyumba, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwada n'kuingitsa ntchentche padiso lija.

"Kazitengeni nkhosa zanu," anatero osawayang'ana Che Kasimu. "Zakwana."

Che Kasimu anamumanga Masiye mwendo ndi timitengo ta nsungwi, ndipo patapita masiku awiri nkhosa zinabwerera. Ine ndinkayembekezera kuti nkhosa yakuda mutu ija imuthamangira. Sizinatero. Inali ndi mwana wina tsopano, ndipo Masiye atadzikokera pafupi, inangomukankha ndi mutu n'kupitiriza zake. Koma iye anagona pakati pa gululo, n'kuyamba kutafuna udzu umene anaukana milungu itatu.

Mwezi womwewo Che Kasimu anasinthanitsa nkhosa zawo zitatu ndi misoti iwiri ya mbuzi zachikuda, n'kudzaimangirira pamtengo wa mango pathu. Amayi anailandira. Che Kasimu anamufula Masiye, ndipo anakhala naye mpaka anakalamba, akutsimphina pambuyo pa nkhosa. Ogula nyama pa chikondwerero cha Idi ankamufuna chaka ndi chaka, iwo ankakana. Amayi anachapa malaya aja, anawapinda pamodzi ndi nsapato ndi zina zonse za bambo, anaitanitsa malume ndi ankhoswe a mbali zonse, ukwati n'kutha mwadongosolo. Koma ndi Che Kasimu sanabwererenso mwakale. Ankapatsana moni, basi. Amayi akawaona akubwera m'njira, ankapeza chowerama nacho.

Misoti iwiri ija inaswana, ndipo mbuzi zake ndi zimene zinandiphunzitsa mpaka kusukulu ya zaulimi, kumene ndinasankha za ziweto. Tsiku lina m'kalasi mphunzitsi anayamba kufotokoza za timadzi timene ubongo umapanga. Anati nkhosa ikamaswa, kutanuka kwa njira ya mwana kumachititsa ubongo kutulutsa kena kotchedwa okisitosini, ndipo kwa maola ochepa kameneka kamachititsa kuti fungo la mwana limamatire m'mutu mwa make, wina aliyense wobwera pambuyo n'kukanidwa. Anati abusa a m'maiko ena amainyenga nkhosa ndi dzanja kuti ilandire mwana wamasiye. Anatinso mwanayo, pamene akuyamwa, ubongo wake umalumikiza nkhope ndi fungo la womuyamwitsa ndi kukoma kumene akumva, ndipo akakula, mphamvu ya chimuna imangodzutsa chilakolako, koma kolowera kwake kunalozedwa kale. Zazikazi nthawi zambiri zimabwerera ku mtundu wake zikakhala ndi zinzake, koma zazimuna n'zovuta kubweza. Anzanga ankalemba. Ine ndinangokhala, cholembera chili m'manja, chifukwa zonsezo ndinali nditazimva kale ndili chogwada m'manyowa, kuchokera kwa munthu amene sanapondepo m'kalasi.

Nditayamba ntchito ya ulangizi wa ziweto ku Balaka, ndinapita kumudzi kukawaona Che Kasimu. Abiti Ali anali atamwalira, nkhosa zinatengedwa ndi adzukulu, ndipo iwo maso anali atachita khungu. Chakudya chawo ankaphika ndi amayi, n'kutuma mwana wa malume kukapereka. Ndinakhala nawo pakhonde n'kuwafotokozera zonse zimene ndinaphunzira. Dzina la okisitosini analiyesa katatu n'kulisiya akuseka. Ndinawauzanso za timbewa tina ta kunja timene timakhala ndi mnzake mmodzi moyo wonse, pamene tina tofanana nato timasinthasintha, kusiyana kwake kuli m'mene timadzi totere timagwirira ntchito muubongo. Anafunsa ngati mabukuwo ali ndi njira yobwezera tonde. Ndinati iyayi. Anafunsa za anthu. Ndinati timadzito nafenso tili nato, koma palibe buku limene ndinawerenga lonena kuti timamumanga munthu miyendo. Anagwedeza mutu.

Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunali mawu anga n'kufunsa ngati amayi anawakhululukira. Ndinati munthu wokwiya saphikira mnzake tsiku lililonse. Anati chakudya ndi china, iwo akufunsa za mumtima. Zaka zonsezi, anatero, amayi sanakhalepo pakhonde lawo.

Madzulo ake, tikusenda chinangwa, ndinawafunsa amayi. Kanali koyamba kuti titchule za tsiku lija. Anapitiriza kusenda mpaka anamaliza chimene chinali m'manja.

"Za tonde ndinaiwala kalekale," anatero. "Bambo aja anapulumutsa chiweto, kenako anandiuza zoona pamene wina aliyense akanandipatsa phulusa papepala. Chimene chimandilepheretsa n'choti anandiona ndikupempha. Ndikamva mawu awo, ndimadzimva ndekha ndikunena za malaya aja."

Kuyambira ndili mwana ndinkayesa kuti ndi mkwiyo, ndipo Che Kasimu nawonso anakalamba akuyesa chomwecho. Mmawa mwake ndisananyamuke ndinapita kukawauza Che Kasimu mawu onse momwe anawanenera amayi. Misozi inatsika m'maso osaona aja, kenako anathokoza Mulungu kuti Alihamudulila, n'kundiuza kuti ndithamangire galimoto ingandisiye. Anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho. Amayi anakhala pakati pa azimayi achisilamu kuyambira mmawa mpaka amuna atabwerako kumanda.

Lero ndimayenda panjinga yamoto m'midzi ya ku Balaka, kubaya katemera ndi kuthandiza ziweto zovutika poswa. Ndikafuna kuyamwitsa mwana wamasiye kwa chiweto cha mtundu wina, ndimayamba ndamukhazika pansi mwini wake n'kumuuza zonse zimene zingadzachitike, ngakhale nthawi ikhale yothina bwanji. Ndipo nthawi zina, ntchito itatha, amuna atabalalika, mayi wina amatsalira n'kundithandiza kulongedza, kenako n'kufunsa monong'ona ngati m'chikwama changa mulibe jakisoni wobweza munthu amene mtima wake wapita kwina. Ndimamuuza kuti mulibe, ndipo sindimunamiza kuti kwina uliko. Koma ndimayankha maso anga ali pachiweto, ngati wandifunsa za nkhupakupa, kuti mawa tikakumana pamsika athe kundiyang'ana n'kundipatsa moni.